Likongwe ndi Bango Logwada

Padangokhala, ndipo amene tili tonse asendere pafupi, padali Likongwe, mmisiri wa mivi. Adali mkamwini m'mudzi wa Mayi Njovu, m'masiku aja nyama zinkalima munda umodzi ndi kumwa pachitsime chimodzi. Kwawo kudali kutali, kutsidya kwa mitsinje itatu. Kuno adabwera kudzakwatira Gologolo, ndipo awiriwo adabereka ana atatu a michira yaubweya ngati ya mayi awo.

Ntchito ya Likongwe idali kudula bango kudambo, kuliyanika, kuliwongola pamoto, kenako kumangirira nthenga kumbuyo ndi chitsulo kutsogolo. Posankha bango ankalipinda ndi manja kuti amve mmene likukanira. Adali ndi kanyimbo kake ka pantchito, kofunsa bango kumene lidabadwira ndi amene lidzamtumikire. Gologolo akakhala pamtondo ankavomereza m'malo mwa bangolo, munsi ukugunda ngati ng'oma.

Chaka china, mapira atangokololedwa, Chiwombankhanga chidazolowera mudziwo. Chinkabwera pakapita masiku asanu alionse, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene amayi ayanika ufa padwale ana akusewera pambali. Chidatenga anapiye awiri a Nkhanga. Chidatenganso mwana wa Mbira mayi ake akuona.

Mudziwo udali ndi oponya mivi ambiri, ndipo mkulu wawo, Kazembe wa mauta, adali Kambuku. Mwambo udali wakuti muvi woyamba ndi wa Kazembe, wina asaponye iye asanaponye. Kale mwambowo sunkavutitsa munthu, chifukwa Kambuku sankaphonya.

Kambuku adafika pakhomo pa Likongwe. “Mkamwini, ndifuna mivi yolimba kuposa yonse. Uta wanga suponya udzu.”

“Wawa, a Kazembe.”

Adamsankhira mabango okana kupindika. Tsiku litakwana, Chiwombankhanga chidatsika, Kambuku adakoka uta, muvi udachoka, koma udapatukira kumanzere ngati waona apongozi ake panjira. Pamene ena ankati aponye, chimbalame chija chidali chitakwera kale, mwanapiye wachitatu wa Nkhanga ali m'zikhadabo.

“Mivi ya mkamwini ndi yokhota,” adatero Kambuku, nachoka.

Likongwe adakatola muviwo patchire. Adauyang'ana uku ndi uku, adaugubuduza padwale, koma udali wowongoka bwinobwino. Adapita nawo kwa Njati, woponya wa chifuwa chachikulu amene uta wake unkafuna awiri kuti aukunge.

“A Njati, tandilasirani thunthu la nthochi ilo.”

Njati adalasa pakati penipeni. Adabwereza kachiwiri ndi kachitatu, muvi womwewo, malo omwewo.

Likongwe adabwerera kunyumba mutu uli pansi. Gologolo adampatsa madzi, nakhala naye pafupi.

“Bambo, pali chimene ndidaona, koma ndimaopa kunena. Mwezi watha ndidali mumtengo wa masuku. A Kazembe adakhala pansi pake akupala uta wawo ndi mpeni. Amati akapala pang'ono, n'kugwira phewa, nkhope itakwinyika. Uta uja wawonda.”

Likongwe adagwedeza mutu. “Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Muvi pochoka umayenera kupindika pang'ono kuti ulambalale mtengo wa uta. Uta wamphamvu umapinda bango lolimba. Uta wofooka sungalipinde, ndiye muvi umathawira kumbali. Ndikawauza Mayi Njovu.”

“Musatero. Ndani adzamvere mkamwini n'kusiya Kazembe? Ndiponso munthu ameneyu ndiye adatulutsa mayi anga m'mapindi a nsato ine ndili kumsana. Mukamuvula pabwalo, mudzi wonse udzakuvulani inu.”

Likongwe adaganiza zochita mwakachetechete. Adasankha bango lofewa, naliveka nthenga zokongola kuposa zonse, n'kuliika pamwamba m'phodo la Kazembe. Koma Kambuku adalitulutsa pamaso pa oponya anzake, nalipinda ndi zala ziwiri.

“Uwu ndi woti ana azilasira mpheta. Ukundiyesa mwana, mkamwini?”

Adauthyola pabondo, natenga wolimba.

Chiwombankhanga chidabweranso. Muvi udapatukiranso kumanzere. Ulendo uno chidagwira mwana womaliza wa Likongwe kumchira, chidamnyamula kufika msinkhu wa denga, ndipo mwanayo adapulumuka chifukwa choti ubweya udasosoka. Adagwera pa ufa, mchira uli mbulanda ngati wa khoswe. Gologolo adamtola, osatha ngakhale kulira.

Madzulo a tsikulo Mayi Njovu adaitanitsa bwalo. Adali atatopa ndi maliro, ndipo adayankhula motsitsa mawu.

“Mkamwini, ine sindidana nawe. Koma Kazembe akuti vuto ndi mivi, ndipo ine za mivi sindizidziwa. Akaphonyanso kachitatu, udzabwerera kwanu, ife tidzafune mmisiri wina.”

Likongwe adawomba m'manja. Ankadziwa tanthauzo lake. Mkamwini akachoka amachoka ndi nkhwangwa yake yokha, ana amatsala kwa mayi awo. Adali ndi masiku asanu.

Mmawa mwake adayala mabango onse pabwalo la nyumba yake. “Ntchito zilipo ziwiri,” adauza mkazi wake. “Kupeza bango loyenera uta wowondawo, ndi kuchititsa kuti mwini wake alilandire. Yoyambayi ndi yapafupi, manja angawa amadziwa bango.”

“Tsinzinani,” adatero Gologolo. Adamuika bango m'manja. “Ili ndi lotani?”

“Lofewa.”

“Nanga ili?”

“Ili ndi lolimbirapo.”

“Tsegulani maso. Ndi lomwelija.”

Likongwe adayang'ana manja ake nthawi yaitali. “Kani manjawa ndi abodza ngati mwini wake.”

Ali chikhalire choncho, maso ake adagwera pathandala pamene mkazi wake ankayanika mbale. Pamtengo wopingasa padakolekedwa chipanda, ndipo mtengowo udali utawerama pakati. Adadzuka msangamsanga. Adadula mphanda ziwiri, nazikhomera pansi motalikirana ngati mkono umodzi. Pakati pake, chakumbuyo pang'ono, adazika kamtengo kowongoka, natemapo timizere tisanu kuchokera pamwamba kutsika m'munsi. Bango likagonekedwa pamphandazo, n'kulikolekera cholemera pakati, limawerama, ndipo kamtengo kaja kamanena mzere umene lafika. Chidatsala n'cholemeracho.

Adapita kwa Chule. “Achimwene, muli ndi thupi labwino lokhazikika. Kodi simungandikhalire m'kadengu aka?”

Chule adavomera, chifukwa palibe amene adayamikirapo thupi lake. Likongwe adakoleka kadenguko ndi luzi, nayamba kanyimbo kake kofunsa bango, Gologolo akuvomereza. Mabango khumi adayesedwa ndi kuikidwa m'milu. Masana Chule adapempha kupuma. Atabwerako, bango limene mmawa lidafika mzere wachiwiri lidatsika mpaka wachinayi.

“Achimwene, mwadya chiyani?”

“Ziwala zisanu ndi ziwiri zokha. Ndi kanyongolotsi.”

Milu yonse idasakanizidwanso. Tsiku limodzi lidapita.

Tsiku lachiwiri adati, “Ndifuna chinthu chosadya.” Adatenga chipanda chija, nachidzaza madzi. Kanyimbo kadayambanso, mabango adaikidwanso m'milu. Koma dzuwa likupendeka adadabwa kuona kuti mabango onse akumapeto akuoneka olimba, ngakhale owonda ngati udzu. Atayang'ana pansi adapeza dothi lanyowa. Chipandacho chidali ndi kamng'alu, ndipo chinkapepuka dontho ndi dontho.

Adakhala pansi atagwira tsaya. Mwana wa mchira wososoka uja adabwera kudzamutsamira, ndipo Likongwe adayang'ana kumbali kuti mwanayo asaone maso ake.

Tsiku lachitatu Gologolo adatuluka m'nyumba ndi kamwala kake koperera mawere, kosalala, kodzaza dzanja. “Aka sikadya, sikamwa, sikadontha. Adaperera agogo, adaperera amayi. Mukandibwezere kali bwino.”

Likongwe adakamanga ndi luzi. Adayesa bango limodzi mmawa, masana ndi madzulo, ndipo katatu konse lidafika mzere womwewo. Adazindikiranso kuti bango lomwelo ukalitembenuza limawerama mosiyana, choncho adayamba kuligoneka mbali imodzimodzi nthawi zonse, diso la pamfundo likuyang'ana kumwamba. Tsiku limenelo kanyimbo kadamveka mpaka kuchitsime, ndipo mawu a Gologolo adali atabwerera mwakale. Milu isanu idaima, uliwonse ndi mzere wake.

Koma mulu woyenera uta wa Kazembe ndi uti? Mmawa wa tsiku lachinayi Likongwe adakagwada pakhomo pa Kambuku.

“A Kazembe, ndidaona nsinga ya uta wanu yayamba kunyenyeka. Mundilole ndikaipake phula, isadzaduke mawa.”

Kambuku adazengereza. Kenako adalowa m'nyumba, natulutsa utawo utakulungidwa m'chikopa. “Usaufunyulule pamaso pa anthu. Ubwere nawo dzuwa lisanafike pamutu.”

Kuseri kwa nkhokwe Likongwe adagona chagada, adaponda utawo ndi mapazi, nakoka nsinga ndi manja onse awiri kufikira pamene Kambuku ankakokera. Muvi wa mzere woyamba udathawira kumanzere. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu udakhudza thunthu la nthochi m'mbali. Wachinayi udalowa pakati, ndipo anzake a mulu womwewo adautsatira ngati nyerere. Wachisanu udayenda mogwedeza mchira n'kugwera kumanja.

“Wachinayi,” adatero Gologolo. “Koma ndi wofewa ngati uja adathyola.”

“Zimenezo mundisiyire ine, mayi. Inu mukaitane amayi anzanu, abwere ndi mawu awo.”

Adapaka nsinga phula, nabweza uta. Masana adanyamula mphanda zake, kamtengo ka timizere ndi mwala, nakazika zonse pabwalo lalikulu. Nyama zidasonkhana. Likongwe adagwada pamaso pa Mayi Njovu.

“Mayi, ndabwera kudzavomera mlandu. A Kazembe adanena zoona. Cholakwa chili m'mivi yanga.”

Kambuku adatukula chibwano.

“Koma si kukhota ayi. Ndi mwano. Ine ndinkasankha bango poona mphamvu, osaona khalidwe. Mwala uwu ndi wamkulu kuposa tonse tili pano, wadyetsa mibadwo itatu. Bango limene silingagwadire mkulu ngati ameneyu, lingamvere bwanji Kazembe?”

Adatenga muvi uja udaphonya tsiku loyamba, naugoneka pamphanda, nakoleka mwala. Muviwo udangowerama pang'ono, osapitirira mzere woyamba.

“Mwauona? Ungogwedeza mutu ngati ukupatsa moni mnzake wa kudambwe.”

Khamu lidang'ung'udza. Mbira adalavula pansi. Koma Njati, amene sankadziwa kusunga mawu m'kamwa, adakanda mutu.

“Komatu muvi umenewo ine ndidalasa nawo katatu.”

Nkhope ya Likongwe sidasinthe. “Inde, a Njati. Wamwano amamvera chibakera. Inu mumaukankha ndi chifuwa, umapita ukulira. A Kazembe sakankha, amalamula. Wolamula amafuna womvera.”

Njati adavomera, akusangalala kuti chifuwa chake chatchulidwa.

Likongwe adayamba kanyimbo kake, ndipo ulendo uno amayi onse a m'mudzi adavomereza pamodzi ndi Gologolo, kuyankha m'malo mwa bango kuti lidabadwira m'matope ndipo lidzatumikira woliyenera. Bango lililonse likawerama, ana ankawerenga mizere mokweza. Litafika la mzere wachinayi, amayi adaliululutira ngati mkwatibwi wodziwa mwambo.

Kenako lidabwera la mzere wachisanu. Lidawerama mpaka mwala udatsala pang'ono kukhudza dothi.

“Ngati nkhani ndi ulemu,” adatero Mayi Njovu, “Kazembe apatsidwe limeneli. Lagwada kuposa onse.”

Likongwe adaliyang'ana bangolo. Ankadziwa kumene muvi wa mulu umenewo umagwera.

“Pepani Mayi, limeneli ndiye loopsa. Tonse timamdziwa munthu wogwada mpaka chipumi kugunda pansi, wovomera usanamalize kuyankhula. Ukamtuma kumpoto amati wawa, n'kupita kummwera. Ili ndi bango losyasyalika. La Kazembe ndi ili lachinayi, logwada koma msana ulipo.”

Mayi Njovu adaseka koyamba chiyambire maliro aja. “Oterowo ndili nawo angapo pabwalo pano.”

Likongwe adanyamula mivi isanu ya mzere wachinayi ndi manja awiri, napita nayo kwa Kambuku. Kambuku adatenga umodzi, naupinda ndi zala ziwiri monga tsiku lija. Adayang'ana muviwo, adayang'ana mwala, kenako adayang'anitsitsa Likongwe m'maso nthawi yaitali ndithu.

Kambuku adaika miviyo m'phodo.

Tsiku lachisanu amayi adayanika ufa padwale monga mwa masiku onse, koma ana adawatsekera m'nyumba. Gologolo ndiye adadzipereka kukhala poyera, akutakasa ufa, mchira wake uli m'mwamba kuti uoneke patali. Likongwe adamuletsa, koma iye adati, “Chalawa kale mchira wa m'nyumba mwathu. Chidzabwera kwa ine.”

Dzuwa litafika paliwombo chithunzithunzi chidadutsa paufa. Chiwombankhanga chidapinda mapiko n'kutsika molunjika Gologolo. Kambuku adakoka uta, dzanja lake lidalekezera patali ndi tsaya, ndipo adasiya nsinga. Muvi sudayang'ane kumanzere kapena kumanja. Udalowa pansi pa phiko, ndipo chimbalamecho chidagwa padwale, ufa n'kuti kobo. Fumbi litatsika, Gologolo adatulukamo ali mbuu, wamoyo.

Nthungululu zidamveka mudzi wonse. Oponya adamnyamula Kambuku pamapewa. Nkhanga yekha sadavine. Adaima pafupi ndi mtembo wa chimbalamecho kwa kanthawi, kenako adazula nthenga zisanu pa phiko lake iye mwini, nakazipereka kwa Likongwe kuti apangire mivi ina. Mayi Njovu adalamula kuti kuyambira tsiku limenelo woponya aliyense adziwe mzere wake, ndipo mphanda zija zisazulidwe.

Mmawa mwake, Likongwe akupala bango pakhonde, Kambuku adafika yekha. Adakana mpando, nakhala pamphasa. Adatenga bango limodzi, nalitembenuzatembenuza m'manja.

“Mkamwini, bango lilibe maondo.”

“Lilibe, a Kazembe.”

“Ndipo mwala wa mkazi wakoyu sudziwa kuti ulemu n'chiyani.”

“Sudziwa.”

“Udadziwa liti za uta wanga?”

“Tsiku limene mudaphonya koyamba.”

Kambuku adagwira phewa lake, ndipo ulendo uno sadabise. “Mvula ziwiri tsopano likundibaya. Ndimati ndikapala utawo pang'ono palibe adzadziwe. Anapiye a Nkhanga aja, womalizayo adapita chifukwa cha ine. Mwana wako akadapitanso. Bwanji sudanene pabwalo?”

“Ndikadanena, inu mukadakana, mudzi ukadagawikana, ndipo chimbalame chija chikadadya ife tikukangana. Ine ndimafuna muvi ufike, a Kazembe. Zina zonse ndidazisiya.”

Gologolo adabweretsa thobwa, nagwada, napereka. Kambuku adamwa, napukuta pakamwa.

“Ndikuchokera kwa Nkhanga. Ndamuuza zonse. Sadandiyankhe, koma adandiperekeza mpaka panjira. Pochoka pano ndipita kwa Mayi Njovu. Mwambo wa muvi woyamba uthe, amene waona mdani aponye. Njati aphunzire ukazembe ine ndikadali ndi maso omuwongolera.”

“Nanga inu musiya uta?”

“Ndisiye chifukwa chiyani, pamene pali mmisiri wodziwa kuyesa?” Adaimirira, nasasa fumbi. Atafika pachipata adatembenuka. “Mphwanga, phewa ili silidzachira. Mvula ikadzagwa ndidzaupalanso utawo, ndipo ndidzafuna bango la mzere wachisanu.”

“Lija ndidalitcha losyasyalika pamaso pa mudzi wonse?”

“Lomwelo. Uyambiretu kuliganizira dzina lina.”

Nthano yathera pamenepa. Amene adafotsera mbatata paphulusa akaione, ingapserere.